Musamasule Phukusi la Atsibweni

Guilleme,
Mchinji.
20 Okutobala, 2024

Okondedwa achemwali a Consolata,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Lusakako pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno moyo ulipo, kungoti dzuwa lakwiya, zitsime zayamba kuphwa. Kalatayi ndapatsira a Kwacha, adalaivala a thiraki aja, pamodzi ndi kaphukusi kochokera kwa atsibweni a Maliko. Chonde musamasule phukusilo musanamalize kuwerenga. Sabata yathayi ndakhala ndikufuna kukuimbirani foni, koma ikangoyamba kuitana ndimadula ndekha. Mukundidziwa, pakamwa panga mpolemera.

Mukukumbukira dziwe la Chimwala, kumunsi kwa dimba la atsibweni, kuja tinkachapa mayunifolomu Loweruka? Mukukumbukiranso tinsomba tija ta mizere m'nthiti, tothamanga pamwamba pa madzi, timene tinkalephera kutigwira ndi chitenje cha amayi? Ndili ku yunivesite ndinadziwa kuti ndi tachibale ta mpasa ndi sanjika za kunyanja. Aphunzitsi anga atationa pa chithunzi, anadzuka pampando. Anati m'timitsinje tambiri tothira mu mtsinje wa Bua sitikuonekanso, ndipo mwina dziwe lathu ndi amodzi mwa malo otsiriza.

Nsomba imene ili pafupi kutha suigwira mwachisawawa, ngakhale uli wofufuza. Pamafunika chilolezo cha boma, ndipo sichituluka lero ndi lero. Nditapempha, ndinapita kwa atsibweni nkunena kuti, "Atsibweni, m'dziwemu musalowe munthu mpaka chilolezo changa chibwere." Mawu anga anali okhawo. Iwo anayankha kuti, "Wanena wekha, mphwanga. Latsekedwa." Tsiku lomwelo anazika nsungwi pagombe nkumangapo kansalu kofiira.

Achemwali, munthuyu walondera dziwe lija zaka ziwiri. Walanda maneti a udzudzu amene anthu ankakokera nsomba, wayambana ndi anzake amene amathandizana nawo kulima, chaka chanjala chija ena anasiya kumupatsa moni. Amayi a m'mudzi anafika potcha tinsombato kuti "akazi a Titus", ati popeza sindinakwatire ndiye kuti mtima wanga uli m'madzi. Ndinkaseka nawo.

Kumayambiriro kwa mwezi uno chilolezo chinatuluka. Chinkandilola kugwira zochepa chabe ndi ukonde wofewa, kuziyeza kutalika, kudula kachidutswa ka chipsepse, kenako nkuzibwezera m'madzi zamoyo. Ndinaimbira atsibweni ndili pakhomo pa ofesi pomwepo. Ndinati, "Atsibweni, chabwera!" Ndinawamva akukuwira azakhali kuti, "Esitele! Pepala la mwana lija labwera!" Ndinawauza kuti ndifika Loweruka. Iwo anati, "Bwera, upeza zonse zili m'malo."

Loweruka ndinatsika minibasi nkukwera kabaza, ukonde ndi thabwa loyezera zili pamiyendo. Tikuyandikira mudzi ndinamva nyimbo ndi nthungululu kuchokera kudambo. Ndinafunsa wakabazayo kuti kodi akukwatira ndani. Iye anati, "Si ukwati, bwana. Lero atsegula dziwe. Mphwawo wa a Maliko wabweretsa pepala la boma." Ndinangoti, "Oo." Mutu wanga unakana kumva.

Nditafika pagombe ndinaona mitondo itatu ndi minsi, ndipo pansi ponse panali makasu, mizu ndi masamba osinja. Anali katupe, mankhwala aja ophera nsomba. Madzi anali atayera ngati mkaka wosungunula. Pamwamba ponse nsomba zinali gada, mimba zili m'mwamba, zina zikuphiriphithabe pang'ono. Amayi a m'mudzi anali m'madzi mpaka m'chiuno, akuwola ndi malichero uku akuimba. Ukonde uja unagwa wokha m'manja.

Atsibweni anandithamangira, thalauza ili yopinda mpaka m'mawondo, nkhope ikuwala ngati tsiku lija la digiri yanga. Anandigwira dzanja nkundikokera pansi pa mkuyu. Pamenepo anali atayala mphasa ziwiri zatsopano. Milamba ndi matemba zinkapita m'madengu a anthu, koma tinsomba tanga anatisanja pamphasa m'mizere, kuyambira zazikulu mpaka zing'onozing'ono ngati chala cha khanda.

"Izi palibe wakhudza," anatero. "Ndaimirira ndekha. Unati ukufuna kuziyeza, si choncho? Ndiye ndati mwana wasukulu asavutike kuthamangitsana nazo m'madzi."

Azakhali anakuwa ali m'dziwe kuti, "A Titus, akazi anu aja ndi amenewo! Sankhanipo wamkulu tikaphikire alendo!" Gombe lonse linafa nacho chiseko.

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinagwada pamphasa, nkutenga thabwa langa, nkuyamba kuyeza. Imodzi imodzi. Anthu anandizungulira, ena akuomba m'manja, ena akuuza ana awo kuti aone ubwino wa sukulu. Zambiri mwa zazikulu zija zinali ndi mazira, ukangogwira pamimba ankatuluka okha. Ndinapitiriza kuyeza mpaka yomaliza. Nthawi ya chakudya ndinati m'mimba simuli bwino.

Mpaka lero ndikagona ndikuona mphasa zija. Ndimadzifunsa kuti zinatheka bwanji, koma yankho ndikulidziwa. Kwathu dziwe silitsekedwa kuti lingokhala. Limatsekedwa kuti nsomba zichuluke, ndipo likadzatsegulidwa mudzi wonse udye. Ndinakulira pomwepo, mwambowu ndinkaudziwa. Atsibweni anamva kuti tikudikira pepala, ndipo pepala litabwera anachita chimene munthu aliyense wa kwathu akanachita. Ine sindinawauzepo kuti pepalalo nlotani. Ndinkachita manyazi, achemwali. Ndikanayamba bwanji kuuza munthu amene msana unapindika m'munda wa fodya kuti sukulu yonse ija ndinaphunzira kugwira nsomba nkuibwezeranso m'madzi? Ndinkaopa kusekedwa.

Masiku otsatira ndinayenda kumtunda ndi kumunsi kwa kamtsinje kodutsa m'dziwe lija. Kumtunda kuli mchenga wokhawokha. Kumunsi ndinapeza tizithaphwi ta achule basi.

Lachinayi ndinawapeza atsibweni kudimba akumata kheni yothirira. Ndinakhala pamzere wa tomato nkuwafotokozera zonse, maso ali pansi.

"Kuzibwezera m'madzi?" anafunsa. "Zamoyo?"

"Eya, atsibweni."

"Zonse?"

"Zonse."

Anaika kheni pansi. "Nanga kwina ziliko?"

"Sindikudziwa. Mwina ayi."

Anayang'ana kudziwe. Kenako anati, "Unali ndi pakamwa, mphwanga. Ine kusukulu sindinapite patali, koma makutu ndili nawo. Ukanandiuza, ndikanazilondera mpaka kufa." Sanakalipe. Bola akanandimenya ndi kheni ija.

Tsopano nachi chimene ndakulemberani. Chilolezo chimanena kuti nsomba ikafa, ngakhale imodzi, ndiyenera kukanena kwa a zansomba ndi kufotokoza mmene yafera. Katupe ngoletsedwa, wothira akhoza kumangidwa. A zansombawo ndinawaimbira kale, ndipo andiuza kuti ndikaonekere ku Boma Lachisanu likudzali. Sindikanama. Ndikanena kuti dziwe linathiridwa katupe chifukwa cha mawu anga osakwanira, ndipo chilolezocho ndikabweza. Dzina la munthu sindikatchula. Kafukufuku wanga athera pomwepo, ndipo mwina sadzandipatsanso china. Zimenezo ndazivomera.

Koma atsibweni akuti tipitira limodzi. Jekete yawo ya kutchalitchi yasitidwa kale, ili pamsomali kuseri kwa chitseko. Akuti katupeyo anakumba okha, anasinja okha, ndipo iwo sanabisalepo kumbuyo kwa mwana. Ndawapempha mogwada, akungoti, "Nthawi yolankhula unali chete, lero usandiphunzitse." Azakhali akungolira. Inu mukudziwa za BP yawo ija, ndi mmene miyendo imatupira. Munthu wotere angagone pasimenti ya m'chitolokosi?

A Kwacha akuti afika kumeneko Lachiwiri. Chonde, mukangowerenga muwaimbire atsibweni. Inu amakumverani, paja amati ndinu chifanizo cha mlongo wawo. Muwauze kuti akhale. Mukaona kuti ine ndi amene ndikulakwitsa powaletsa, mundiuzenso, chifukwa maganizo anga sindikuwakhulupiriranso.

Za phukusilo. Loweruka lomwe lija, asanadziwe kanthu, atsibweni anasankha zazikulu pamphasa paja nkuziwamba okha, ati mwana wa ku Lusaka alaweko za kwawo. Dzulo ndinawafunsa ngati lipitebe. Anati, "Zinafa kale. Tikazitaya ndiye kuti tazipha kawiri." Kudya kapena kusunga, zili kwa inu, ine sindikuuzani. Koma musanachite chilichonse, muwaitane ana anu, Emmie ndi Rodrick, muwaonetse. Mizere ya m'nthiti ikuonekabe ngakhale zili zowamba. Ayang'anitsitse, kuti adzathe kunena kuti anaziona.

Azakhali akupereka moni, akuti mafuta odzola aja anafika. Alamu muwapatse moni wanga, ana muwapsompsone. Atsibweni nawo akuti ndikupatseni moni. Ndawafunsa ngati pali mawu ena oti ndilembe, angopukusa mutu nkutuluka. Ndikulemba pano ndikuwaona pawindo akutsikira kudambo ndi ndodo yawo. M'mawa uliwonse akupitabe kukalondera, ndipo kansalu kofiira kaja sanakachotse.

Ndine mlongo wanu,
Titus