Tinsalu Takuda ta Mlamu Wanu

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tiliko, koma mukaona zilembo zikupendama dziwani kuti ndalemba mtima ukuwira.

Mukudziwa kuti Phokoso wathu akuvutika ndi mphumu chisamukireni m'nyumba yosanja ino. Kuseri kuli dzala limene anthu amawotcherapo matayala ndi mapulasitiki. Kutsogolo kuli depoti ya mabasi, ndipo madalaivala sazimitsa injini ngakhale popita kukadya. Ndikayanika malaya asukulu oyera m'mawa, madzulo ndimaanula otuwa. Mwana amene tinamutcha Phokoso chifukwa chosatseka pakamwa, lero akakwera masitepe amakhala pansi kaye, chifuwa chikuimba likhweru.

Adokotala anatiuza kalekale kuti timuchotse kuno, koma mlamu wanu anakana. Mwamunayu mumamudziwa, ntchito yake yoyeza mpweya inamulowa m'magazi. Anati tisathawe, utsiwo authetsa yekha. Anakweza padenga kamakina kokoka mpweya n'kuudutsitsa pa tinsalu toyera, tozungulira ngati pakamwa pa kapu. Kansalu kakada ankakachotsa ndi kopanira, osakakhudza ndi chala, n'kukasunga m'bokosi pansi pa bedi. Ankati akadzatiyeza kuntchito adzapita nato ku msonkhano wa khonsolo ya mzinda, akuluakulu akaone zimene tikupuma, atseke dzala lija.

Ine ndaphunzira zambiri mosafuna. Ndikamufunsa ngati wagula mankhwala, amandiyankha za mitambo. Akuti mwaye umene timauonawu ndi mbali chabe. Utsi wina umatuluka wosaoneka, ukawombedwa ndi dzuwa umagwirana n'kupanga tinthu ting'onoting'ono timene timakula tili m'mwamba. Akuti dontho lililonse la mumtambo limayambira pa kanthu kotere, chifukwa chinyezi chimafuna pogwira. Tsono tinthuto tikachulukitsa timagawana madzi omwewo, madontho amakhala ang'onoang'ono, salemera, ndiye mtambo umangolendewera osagwetsa mvula. Sakunama, Achemwali, mitambo ya kuno imabwera, kutiopseza, n'kupita. Koma ine ndinakwatiwa ndi mwamuna, osati pulogalamu ya zanyengo ya pawailesi.

Sabata yatha kunabwera apongozi anga kudzatithandiza kusamala mwana. Mayi amenewa sangaone chinthu chakuda n'kupeza tulo, ngakhale chikolopa amachichapa mpaka chiyere. Lolemba tili kuntchito anasesa pansi pa bedi. Pobwera tinapeza tinsalu tija tili pachingwe, kalikonse ndi pegi yake, toyera mbee. Tina tinali titasungunukira m'beseni, m'mankhwala oyeretsera zovala. Anandilandira pakhomo n'kundiuza kuti chibadwire sanaonepo mkazi wosunga zonyansa pansi pa bedi.

Mlamu wanu sanakalipe, ndipo akanakalipa bwenzi zili bwinoko. Anangokhala pampando, chikwama chili paphewa, n'kumayang'ana chingwe. Msonkhano unali dzulo. Anapita chimanjamanja, anamumvetsera mwaulemu, n'kumuuza kuti adzabwere ndi umboni chaka chamawa.

Atabwerako, apongozi anamufunsa kuti tinsanza timeneti ankapukutira chiyani kuti tide chonchija. Iye anati sanapukutire kanthu, ndi mpweya wokha umene unadutsapo, kansalu kamodzi tsiku limodzi. Mayi aja anasiya kupinda zovala. Anayang'ana Phokoso, amene anali atatsamira khoma, mapewa akukwera ndi kutsika.

"Tsiku limodzi?" anatero. "Nanga m'chifuwa mwa mdzukulu wangamu, mmene mwadutsa mpweya womwewu masiku onsewa, ndichapamo bwanji?"

Patapita kanthawi mlamu wanu anandiuza, osandiyang'ana, kuti ndikulembereni.

Ndakwiya, Achemwali. Ndakwiyira apongozi ndi beseni lawo, madalaivala, owotcha matayala, ngakhale mitambo imene. Koma chondipweteka kwambiri n'chakuti mawu amene ine ndi adokotala takhala tikunena mpaka kuuma pakhosi, mwamunayu wawamva pokhapokha amayi ake atamuwonongera ntchito. Kamakina kaja wakatcheranso m'mawa uno, akuti ayambiranso. Ayambe, koma osati ndi chifuwa cha mwana wanga.

Ndiye pempho langa ndi ili: mutisungireko mwanayu. Ndikudziwa nyumba yanu ndi yodzadza kale, koma kwina ndilibe. Apongozi abwera naye Loweruka pa basi ya m'mawa, ndipo mabokosi anu apansi pa bedi mubisiretu. Mankhwala opopera m'kamwa ali m'kathumba kam'mbali ka chikwama chake. Amagona pa mapilo awiri, apo ayi amabanika. Akanena kuti ali bwino musakhulupirire msanga, muziyang'ana mapewa.

Bambo ake amulonjeza kuti adzabwerera mvula ikadzatsuka mpweya wa kuno. Choncho ikadzagwa kwanuko, mudzamuona akuthamangira kulongedza chikwama. Mudzamuuze kuti kuno sinagwe.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Tsiku limene Phokoso adzayambenso kusokosa mpaka kukupweteketsani mutu, chonde musadzamuletse. Mudzandiimbire foni, musalankhule, mungoiika patebulo ndimve.

Ndine mng'ono wanu,
Mayi a Phokoso