Khwangwala Pakati pa Manachesi

4 Okutobala
Nyengo ya nkhono yayamba lero. Zambiri, zonona. Madzi ozizirirapo.

Potuluka tinapeza mtsikana wa ku ofesi ya boma, Ko Eun-sil, ndi katoni ya zovala zobirira m'nyanja. Zonse mtundu wa nachesi. Akuti ndi lamulo: kuyambira pa 15 wovala chakuda asalowe m'madzi, poti oyendetsa maboti satiwona. Ine zaka 57 ndikubira pa chilumba cha Jeju pano, boti silinandipalepo. Kusukulu sindinapondeko, zilembozi ndinazitola pa matumba a feteleza, koma nyanja ndimaiwerenga kuposa iye.

A Bu, ogula nkhono zathu, akuti boma litisiye, aliyense asankhe yekha, wamantha avale nachesi, msika sufunsa mtundu. Ndagwirizana nawo. Zakudazo amagulitsa ndi iwo omwe, ndikudziwa. Koma n'zofewa.

Gye-wol, mnzanga wa m'madzi, watenga chake. Wanditaya. Akuti, "Tsala wekha, khwangwala iwe."

7 Okutobala
Gye-wol zaka 79, koma mmene amatsikira pansi! Miyendo mowongoka, madzi osavunduka. Pamtunda amayenda chotsimphina, pansi pa nyanja ndi mtsikana. Ngakhale m'chinachesi chakecho. Sindimuuza, angatupe.

Ndinamuuza Eun-sil kuti ife tili ndi mluzu. Ukavuuka, mpweya umatuluka ndi mluzu, mnzako n'kudziwa kuti uli moyo. Wa Gye-wol ndi wosasa ngati chitseko chakale, ndingauzindikire pakati pa zana. Anandiyang'ana kumaso n'kunena pang'onopang'ono, "Azakhali, nanga injini ya boti imamva mluzu?" Mwana wa pakamwa pakuthwa.

Anakwera nafe boti. Anasanza kawiri. Osatsika. Atagwira chidebe, n'kumawerengabe mitu yathu.

10 Okutobala
Msonkhano. A Bu akweza mtengo kwa amene angabire pakhomo la doko, pamene pamadutsa maboti. Akuti sakukakamiza munthu. Amayi ambiri maso anawala, anga omwe.

Eun-sil anaimirira yekhayekha, kamunthu ngati ndodo. "A Bu, mtengo mwasankha ndinu. Nanga boti likadula munthu, lidula wosankha mtengo?" A Bu anangovula chipewa n'kuvalanso.

Mayi ake a Eun-sil ankabira kumudzi wa kum'mawa, akutero Gye-wol. Anamira, mtembo anaupeza patapita masiku atatu. Iye sanatchulepo ngakhale kamodzi kuti atigonjetse nazo. Zimenezo ndiye ndazilemekeza.

M'manja sindinawombe. Changa chikadali m'katoni.

13 Okutobala
Chifunga. Tinalowabe, pafupi ndi doko.

Zinazo sindilemba lero. Mawa.

14 Okutobala
Ndilembe zoona, pepalali silipita kwa munthu.

Ndinavuuka, Gye-wol palibe. Chipanda chake choyandama chopumirapo n'choyera, m'chifunga sichiwoneka. Ndinatchera khutu. Chete. Ndinazungulira kawiri. Kenako kutali, pakati pa mafunde, kadontho ka nachesi, kakutuluka, kakumira. Mwendo unakoledwa mu ukonde wotayidwa. Ndinadula ndi mpeni, n'kumukoka. Boti linatikhota chapafupi, woyendetsa akuti anawona chovalacho. Ine sanandiwone n'komwe.

Powotha moto, milomo ili bii, mbatata m'manja, anayamba kundilalatira: "Ndaimba mluzu kasanu, gonthi iwe! Umadikira kalata?" Onse anaseka. Nanenso.

Si nthabwala. Mluzu wa Gye-wol ndinaumva komaliza chaka chadzana. Makutu madzi anadya. Ndakhala ndikumulonda ndi maso, n'kumanama kuti ndikumva. Akanatsatira mawu anga n'kuvala chakuda, lero tikanaphikira anthu a pamaliro.

15 Okutobala
Ndavala. N'cholimba m'khwapa, chikununkha labala. Pagalasi nachesi wofota.

Eun-sil anabweretsa yekha m'mawa, asanafike anthu. Sananene kuti "ndinakuuzani". Ndinamufunsa chifukwa chimene amandiyang'anira kumaso akamalankhula, ngati ndine mwana. Akuti, "Kuti muziwona milomo yanga, azakhali. Ndinadziwa tsiku loyamba." Ndinati, ndiye ulemba m'pepala lako, andichotse m'madzi? Akuti lamulo lake likunena za mtundu, za makutu ndikamuuze ndekha Gye-wol, poti moyo umene ndikulonda ndi wake. Wandipatsa mpaka madzulo.

Mwana ameneyu akanakhala wobira, akanatiposa tonse.

Lamulo sindinalikondebe. A Bu akandifunsa ndinena kuti chakuda chinang'ambika.

Gye-wol uyo pawindo, chipanda paphewa, kukamwa kuli yasa. Kaya wayamba liti kuitana. Ndimuuza panjira, tisanafike kunyanja.