Ndinachotsa radiyeta ya bambo, tsopano mayi akuzizidwa

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 54, ndipo ndimakhala ndi mayi anga, a Eduviges, m'nyumba imene ndinabadwiramo. Chipinda chawo ndi chakumapeto, kumene madzi otentha ochokera ku boila amafika atatopa. Munali radiyeta yotenthetsera chipinda, yachitsulo cholemera, imene malemu bambo anamanga okha ndisanayambe sukulu. Inkachedwa kutentha, koma ikatentha inkasunga. Mayi ankaikapo beseni la ufa wokanda kuti ufufume, nyumba yonse n'kumanunkhira buledi.

Chaka chatha mayi anadwala chibayo. Ndiye mu Malichi muno, chisanu chisanafike, ndinagula radiyeta yaikulu kuwirikiza kawiri n'kuimanga ndekha iwo ali kutchalitchi. Yakale ija ndinapatsa otola zitsulo. Paipi ya m'khoma inali yaing'ono kuposa kukamwa kwa yatsopanoyo, koma ndinangolumikiza ndi kachitsulo kochepetsera.

Mayi atabwera anaigwira n'kunena kuti, "Mwanawe, wandigulira firiji yachiwiri?" Ndinaseka, iwo sanaseke. M'munsi imafunda pang'ono, pamwamba zii. Kenako anafunsa kumene kuli ya bambo. Nditawauza anangoti, "Chabwino." Buledi sanaphikenso.

Mlongo wanga Nélida, amene amakhala ku Valdivia, wandiuza pa foni kuti, "Iwe injiniya wopanda sukulu, Meyi akakwana chipindacho chili chomwecho, ndibwera kudzawatenga." Mayi safuna kuchoka, manda a bambo ali kuno. Kwa otola zitsulo ndinapitako, anati inapita kale kokasungunula. Nditani?

H.O.C., Punta Arenas

Bambo H.O.C.,

Mwalakwitsa kawiri, ndipo kwa mapaipiko ndiye kopepuka.

Kuzizira pamwamba ndi mpweya umene unatsekeredwa pomanga. Zimitsani boila, mutsegule pang'ono kavalavu kotulutsira mpweya ka pakona yapamwamba ya radiyetayo, mumva kuti fwii, ndipo madzi akayamba kudontha mutseke. Mukatero tsekaniko pang'ono mavalavu a maradiyeta oyandikira boila, chifukwa ndi amene akumwa kutentha konse kusanafike kwa mayi. Izi mungachite lero.

Zotsalazo si zanu. Radiyeta yaikulu imafuna madzi ambiri, ndipo paipi yaing'ono ya zaka makumi asanu, mwina yodzaza dzimbiri, singaidyetse. Itanani pulambala sabata ino, asanatanganidwe ndi onse amene amakumbukira mapaipi chipale chofewa chitagwa. Atsuke mapaipi, aike yokulirapo kukafika m'chipindamo, aonenso ngati boilayo ili ndi mphamvu zokwanira.

Kulakwa kwinako pulambala sangakonze. Munachita izi poopa chibayo, ndikumvetsa. Koma munadikira kuti mayi atuluke chifukwa munkadziwa kuti akana. Khalani nawo pansi muwauze zimenezo mosazungulira, musayambe ndi "ndimafuna kukuthandizani." Mwina akalipa, mwina alira. Musawadule. Pulambala akabwera, iwo ndiwo amuuze zimene akufuna m'chipinda mwawo.

Nélida muimbireni nokha, mumuuze tsiku limene ntchito iyambe. Akukunyozani chifukwa nayenso ali ndi mantha.

Chenjezo langa ndi ili: paipi ya gasi musaikhudze, ndipo musayatse mbaula kapena chitofu m'chipinda chotseka pofuna kupambana mlongo wanu. Meyi akakwana chipinda chikadali chozizira, samukani inuyo, mayi agone m'chipinda chanu choyandikira boila.