Ndege Imene Munaibweza

CHE ATUMANI DINALA
1956 – 2020

Ababa, lero zakwana zaka zisanu chitisiyireni. Chaka chilichonse mawu a pansi pa chithunzi chanuchi amalemba ndi mng'ono wanga Zubair, mizere inayi basi. Chaka chino ndamulanda cholembera ine Swadick, mwana wanu woyamba, chifukwa ndili ndi mlandu woti ndiutule pamaso panu ndi pamaso pa anthu.

Munagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri pa kabwalo ka ndege ka pa loji, kufupi ndi kwathu ku Nkope. Ndegeyo simunaikwerepo ndi tsiku limodzi lomwe, munkati munthu wokulira m'bwato alibe chimene anataya kumwamba. Munkatchetcha udzu, kugumula zulu za chiswe, kupirikitsa mbuzi za anthu, kenako n'kunyamula wailesi yolankhulirana ija kuti muuze woyendetsa ndege zimene mitambo ikuchita. Chizungu chanu sichinkapitirira mawu makumi atatu, ndipo tinkakusekani nacho, koma palibe woyendetsa ndege amene anayerekeza kutera inu mutakana.

Munkatiuza kuti mvula sigwetsa ndege, chimagwetsa ndi mphepo imene mtambo wa mabingu umalavulira pansi. Mtambo ukatalika n'kuphwatalala pamwamba ngati lichero, ndege yaing'ono iulambalale ndi makilomita makumi atatu, ngakhale pabwalo pakuwala dzuwa. Zizindikiro munazitenga ku usodzi: mzere wakuda wothamanga pamwamba pa nyanja, kamphepo kozizira m'khosi, ndiponso thumba lofiira la pamlongoti, losonyeza kolowera mphepo, likayamba kuloza kuno n'kulozanso uko. Ndege imatera moyang'anizana ndi mphepo, munkatero, ndiye mphepoyo ikatembenuka mwadzidzidzi ndege ili pafupi ndi nthaka, mapiko amataya mphamvu ndipo mpata wodzukanso palibe. Alendo ankadandaula, kuloza mawotchi awo, inu mukuvundula tiyi wanu wa shuga masipuni anayi n'kumangoti kuthamanga sikufika. Anyamatafe tinkangovomera pakamwa, mitima ili ku Joni. Amene ankamvetsera ndi mlongo wathu Nuru, mpaka wailesi ija inazolowera dzanja lake.

Za tsiku lanu lomaliza ndinachita kuuzidwa. Mtima unakugwirani m'mawa muli pantchito. Msewu wopita ku boma unali utaduka ndi madzi, nyanja nayo itawinduka moti boti silikanayenda. Eni loji anaitanitsa ndege kuchokera ku Blantyre, yonyamula namwino, mankhwala ndi botolo la mpweya. Anakugonekani pamkeka, pakhonde la kanyumba ka pabwalo, Nuru ali pambali panu ndi wailesi. Cha m'ma 3 koloko masana ndege inamveka, ndipo woyendetsa wake, mayi Esime, anati atera m'mphindi zisanu. Pabwalo panali dzuwa, dontho la mvula lisanagwe. Inu munadzutsa mutu, munayang'ana kunyanja, munayang'ana thumba lija, n'kuuza Nuru kuti aibweze. Nuru anakana kawiri akulira. Kachitatu munamuuza kuti m'ndegemo muli ana a eni awiri, ndipo simukufuna kukawayankhira pamaso pa Allah. Nuru anadina wailesi n'kulankhula, ndege inakhota. Chimphepo chinafika patatha mphindi khumi. Inu munatsirizika dzuwa lisanalowe. Ndege ija inadzatera m'mawa mwake, ndipo mayi Esime ndi namwino uja anakhala pansi pamodzi ndi amayi a m'mudzi kukulirani.

Ine ndinali ku Joni, maliro sindinawapeze. Ndinafika pa arubaini, pemphero la masiku makumi anayi, nditawerengera kale masamu anga m'basi: ndege imafuna mphindi zisanu, mphepo inabwera pa khumi, ndiye kuti nthawi inalipo. Anthu akudya mpunga, ashehe ali pomwepo, amalume ali pomwepo, ndinaimirira n'kunena kuti Nuru anapha bambo ake ndi chala chake. Ndinati munthu wodwala sapatsidwa mpata wolamula. Nuru ananyamula mbale n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira pamenepo sindinadyepo chophika iye. Mwana wake wachiwiri anabadwa, anamupatsa dzina, anayamba kuyenda, ine osapondako. Amayi, Abiti Ayub, ankanyamula moni pakati pathu, moni amene sindinatumize ine, ndipo ndikukayika ngati Nuru anatumizapo. Mumandidziwa, Ababa, liuma limeneli ndinatengera kwa inu, kungoti inu munkaligwiritsa ntchito pa zinthu zanzeru.

Pano ndinabwerera kumudzi, ndimagulitsa chambo. Mwezi wathawu ndinapita kukatula nsomba ku loji, ndipo ndinaima kumpanda wa bwalo lija. Ndege ya alendo inali ikubwera, dzuwa likuswa mtengo, mtambo uli patali ndithu kutsidya kwa nyanja. Ndinamva Nuru, amene anatenga ntchito yanu ija, akuibweza pa wailesi. Ndinaseka chamumtima, ndinati khalidwe lake ndi lomweli. Ndisanamalize kumasula bokosi la nsomba pa njinga yamoto, ndinamva kuzizira m'khosi. Thumba lija linatembenuka, kenako mphepo inagwa kuchokera kumwamba ngati munthu wakhuthula ndowa. Njinga yanga inagwa, mlongoti unathyoka, lata la kanyumba kanu linauluka n'kukagwera pakati penipeni pa bwalo. Ndinayang'ana foni: zinali zitangotha mphindi zitatu chiibwezereni ndege, ndipo mvula inali isanayambe.

Ndinakhala pansi m'fumbi momwemo, nsomba zili mbwee. Tsiku lanu mphepo inabwera pa mphindi khumi, tsiku limeneli inabwera pa zitatu. Palibe amene amapangana nayo nthawi, ndipo inu munkadziwa zimenezi muli chigonere pamkeka paja. Kutachita bata, Nuru anabwera n'kundipeza ndikutola chambo. Sanandikumbutse chilichonse. Anangoti, "Achimwene, sunthani njinga yanuyo, ndege ibweranso." Ndinamuthandiza kukoka lata lija, ndipo ndege inatera bwinobwino ndi anthu asanu ndi mmodzi.

Amayi akukulirani mpaka lero, kapu yanu ya tiyi samalola aliyense kumwera. Zubair, Nuru ndi adzukulu anu asanu ndi awiri amakutchulani m'mapemphero awo. Mayi Esime salephera kudzapereka moni kunyumba akatera kuno.

Tsopano mlandu wanga uja. Ndinanyoza mlongo wanga pagulu, ndiye ndikubweza mawu anga pagulu, muno m'nyuzipepala, ndipo ndikawabwezanso ndi pakamwa pa sadaka yanu Lachisanu likubwerali, ashehe ndi amalume ali pomwepo. Nuru sanakupheni. Anakumverani pa nthawi imene kukumverani kunali kowawa kuposa chilichonse, ndipo chifukwa cha iye anthu awiri anabwerera kwa ana awo. Ukali wanga wonse uja unali wa munthu amene sanalipo. Mwana wanu woyamba anali kutali akupinda mabulangete m'sitolo ya eni, ndipo zinandipepukira kuloza chala amene anakugwirani dzanja mpaka pomaliza. Ababa, ndikhululukireni. Kwa Nuru ndapita kale kukagogoda, ndipo anatsegula.

Allah akuwalitsireni manda anu, akulandireni ku Jannah. Malinga tikupuma, dzina lanu silichoka pakamwa pathu.

Ine Swadick, m'malo mwa banja lonse la Dinala, Nkope, Mangochi.