Ufa umene ndinathira pa phiri la eni

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko? Ndikanafunsa kuti mwadzuka bwanji, koma chigonereni chanu chija pa Likhubula sindinamvepo kuti munadzuka.

Ndine Layisoni wanu, uja munkati adzaseka ndi pamaliro pomwe. Ndikadali kuno ku Leicester kwa mdzukulu wanu Esnati, amene munamusiya akukwawa. Pano ndi nesi wa imvi, amachoka m'mawa ine ndisanavale mano. Eya, mano anatha, anandipatsa ena ogona m'kapu. Mwana wa Esnati, Yamikani, ali ku Corby, amanyamula makatoni. Mkazi wake wachira, mwana wamwamuna. Mphuno ndi yanu, pepani. Kadimba kanga ka ku Beaumont Leys kandichititsa manyazi. Chimanga chinangofika m'chiuno chisanu n'kuchiwotcha, maungu ake okwana m'thumba la jekete.

Ndazungulira mokwanira. Munkati wobwera ndi uthenga wa maliro amayamba n'kufunsa za mvula. Nkhani ndi ya Elube, mwana woyamba wa Esnati, amene tinamupatsa dzina lanu. Ine ndinkamuitana kuti amayi, iye n'kumati "mwana wanga" ndi Chichewa chake chopindikacho.

Anakula akumva za ntchito yanga ija, yosenzera azungu katundu kupita ku Chambe mpaka ku Sapitwa. Anayamba n'kukwera makoma a m'nyumba omata timiyala ta pulasitiki, ine n'kumamuti buluzi wolipira. Kenako miyala yeniyeni cha ku Derby uku. Mapeto ake anapita ku France, m'tauni ya Chamonix, pansi pa phiri lalitali loti sinowo, chipale chofewa chija, sachokapo chaka chonse. Kumeneko anaphunzira mpaka kukhala wotsogolera alendo m'phiri. Ntchito yake, amadzimanga chingwe m'chiuno, nsonga inayo n'kumanga mlendo. Nditamva ndinati, "Amayi, ife sitinkadzimangirira kwa mzungu. Akagwa ankagwa yekha, ife n'kupulumutsa katundu." Anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Anati, "Mwana wanga, iwe unkanyamula katundu. Ine ndimanyamula anthu."

M'phiri limenelo muli mtsinje wa madzi oundana, woyenda pang'onopang'ono osaoneka ndi maso. Uli ndi ming'alu yakuya, pamwamba yophimbika ndi sinowo ngati mbuna. Mlendo wake anagwera mu umodzi. Elube anagona pansi n'kumugwira ndi chingwe, anakhoma chikhomo, n'kusamutsira chingwecho pachikhomopo monga anamuphunzitsira. Mlendoyo anakokedwa, anatuluka wamoyo, anangothyoka dzanja. Pamene panaima Elube ndi pomwe panagumuka, iye n'kumezedwa. Opulumutsa anthu anamufufuza ndi zingwe, ndi agalu, ndi helikoputa. Kenako anati pansipo pakugwabe, sangaikenso anthu ena pangozi.

Tinapitako ine ndi Esnati. Ndinakumbukira zimene munkachita munthu akasowa m'phiri kwathu. Munkati phiri likakutengera mwana usalitukwane, kalipemphe. Akuluakulu ankathira ufa patsinde pa mtengo, kamulu kosongoka bwino, m'mawa n'kukaona. Kakapezeka kali chiimire, mizimu yamva, munthu abwera. Kakagumuka, yalani mphasa. Ndiye ndinagula ufa woyera kwa mmwenye wa ku Highfields, n'kuubisa m'sokosi kuopa Esnati ndi chikhristu chake. Pabwalo la ndege anandipatula pamzere. Galu anaununkhiza, bwana wa galuyo anaununkhizanso. Ndinawauza kuti ndi chakudya cha anthu osaoneka. Esnati sanaseke.

Mnzake wa Elube, wotsogolera alendo nayenso, anatikweza m'kabokosi kolendewera pa waya. Amayi, phiri limene ine ndikanalikwera ndi thukuta, anthu amafika pamwamba akudya bisiketi. Anatilozera patali pamene zinachitikira. Anati madzi oundanawo saba munthu mpaka kale, amakamulavula kumunsi pakapita zaka zambirimbiri, osawola, nkhope yake yomweyo. Ananena ngati akutitonthoza. Ine ndinangoona Esnati ali nkhalamba yogwira ndodo, akuitanidwa kukaona mwana wake akadali mtsikana.

Ndinapempha kuti anditembenukire kumbali. Mtengo kunalibe, ngakhale kaudzu. Ndinagwada pa sinowo, bondo n'kulira, ndinavula chipewa. Ndinatchula inu, ndinatchula amalume, ndinapepesa eni phiriwo poti sindidziwa mayina awo kapena chinenero chawo. Ndinayamba kuthira. Amayi, ufa woyera pa sinowo woyera. Sindinathe kuona pamene ukugwera. Ndinathira wonse, kamulu osaoneka, wina mphepo inangoulanda m'manja. M'mawa mwake ndinakakamira kukweranso. Ndinapeza ponse poyera, mapazi a alendo okhaokha. Sindinganene kuti kanaima, sindinganene kuti kanagumuka. Phiri lakwathu likakana limakuuza. Ili silinandiyankhe n'komwe.

Chibwerereni ndakhala ndikukana maliro. Esnati akufuna mapemphero Loweruka lino kutchalitchi kwathu ku Highfields, chithunzi patebulo m'malo mwa bokosi. Manesi anzake asinthana kale mashifiti, azimayi a ku Zambia amene timapemphera nawo alonjeza kuphika. Akungodikira mawu anga poti wamkulu kuno ndine. Ndakhala ndikuwazemba ndi nthabwala. Ndinawauza abusa kuti chithunzi sichilemera, onyamula maliro adzadya za ulere. Dzulo Esnati anandipeza ndikupukuta nsapato za Elube zokwerera miyala zimene anasiya kuno. Anati, "Bambo, ine ndimasambitsa ana a eni akamwalira m'wodi. Wangayu sindimusambitsa. Mundilole ndingomulira." Ndinafunafuna choseketsa m'kamwa muno, sindinachipeze.

Ndamuuza kuti eya. Loweruka tilira. Kumeta ndilibe chometa, dazi linanditsogolera kalekale, koma ndikhala pansi ndi anzanga.

Tsono inu ndi amene mungaone zimene ine ndinalephera kuona pa sinowo paja. Ngati wafika kumeneko, mulandireni. Simungamusowe. Ndi wamtali, wa manja okhakhala ngati a mlimi, ndipo adzakupatsani moni wa "mwaswera bwanji" m'mamawa. Musamuseke kwambiri. Mukamufunsa dzina adzatchula lanu, musaganize kuti ndi mwano. Mufunditseni, wachokera kozizira. Ngati sanafike, ngati mzimu nawo umakanirira m'madzi oundanamo kudikira thupi, musandiuze. Mukabwera kutulo kuno mungondifunsa za mvula, ndidzamva.

Inu ndinakuikani ndi manja angawa, ndikudziwa pamene muli. Amayi achiwiriwa ndilibe poti ndikazule udzu.

Sindichedwa, bondo ndi chifuwa zagwirizana kale. Ndikulonjeza kuti ndikafika sindidzanena bodza ngakhale limodzi tsiku loyamba. Mudzakhale awiri kutsogolo, a Elube ndi a Elube, katundu yense mudzandisiyire ine.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa nonse awiri,
Layisoni