Guluu ndinapanga ndine, pachithunzi pali dzanja langa lokha

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndatha zaka khumi ndi zinayi mulabu ya fakitale ina yopanga penti ndi guluu. Ndili ndi dipuloma chabe, ndiye ntchito yanga ndi kutakasa, kuyeza, kupaka pa tizikopa ndi timatabwa, kukoka mpaka zitamatuka, n'kulemba m'kope.

Bambo anga ndi osoka nsapato. Akhala pa benchi yawo pakhonde la shopu ina kuyambira ndisanabadwe, ataweramira chitini cha guluu wachikasu uja wonunkha ngati petulo. Lero kuchoka pa benchi kukafika pampopi amaima kawiri, chifuwa chikulira ngati wenzulo. Kuchipatala atawauza kuti asiye guluu, anayankha kuti, "Ndiye nsapato ndizimata ndi malovu?"

N'chifukwa chake ndinayamba kuyesa kupanga guluu wosungunulira m'madzi, wopanda mankhwala onunkhawo. M'kati mwa guluu mumakhala timaunyolo tosaoneka ndi maso, timene timati mapolima. Vuto la guluu wamadzi n'lakuti akanyowa, timaunyoloto timamasukanso. Pamafunika mankhwala ena, ife timangoti cholimbitsa, oti atimange pamodzi guluu akamauma. Kupeza mlingo wake kunanditengera zaka zitatu, nthawi yopuma masana, anzanga akudya ine ndikutakasa. Loweruka lililonse ndinkapita ndi kabotolo kwa bambo. Iwo ankamata nsapato zakale, kuziviika m'ndowa, kuzipinda, n'kundiuza kuti, "Mwanawe, uwu ndi mkaka, si guluu." Tsiku lina anakoka soli ya nsapato mpaka misempha ya m'khosi kutuluka, koma osamatuka. Ananunkhiza kabotoloko. Kenako anati, "Unachedwa kubadwa iwe."

Zotsatira zonse ndinakapereka kwa mkulu wa labu yathu. Timawatcha a Tayi, chifukwa amalowa mulabu atamanga tayi ndipo palibe anawaonapo ndi dontho la penti pachala. Anandiuza kuti, "Siyani patebulopo, ndiziona." Ndinasiya. Panapita miyezi isanu zii.

Kenako tinaitanidwa tonse m'chipinda chachikulu chosungiramo katundu. Mwini fakitale anaima pa bokosi n'kulengeza kuti kampani ikutulutsa guluu watsopano wosanunkha, "chipatso cha kafukufuku wa mkulu wa labu yathu". Anthu anaomba m'manja, ine ndinaomba nawo ngati chitsiru. Pojambula anandiuza kuti ndigwire chitini. Chithunzicho achipachika polandirira alendo: a Tayi akumwetulira, ndipo kumbali kukuoneka dzanja langa lokha, lili ndi chipsera cha asidi.

Nditawafunsa a Tayi, sanachite n'komwe manyazi. Anati, "Mayi, zonse zotuluka mulabu muno n'za kampani, ndipo labu ndine. Inu munathandiza kutakasa, zikomo kwambiri."

Apa ndiye pali nkhani. Pofuna kusangalatsa mwini fakitale kuti guluuyu ndi wotchipa kupanga, a Tayi achepetsa cholimbitsa chija ndi theka. Iwo anayesa pa zikopa zouma, anagwiradi. Ine ndinayesa mwakachetechete monga amachitira bambo: masiku atatu m'madzi, kenako kupinda. Soli inayasama popanda n'kukoka komwe. Zitini zoyamba zikutuluka kumapeto kwa mwezi uno, ndipo mvula ili pafupi. Amene akudziwa ndine ndekha.

Amuna anga akuti, "Inu ingokhalani duu. Asiyeni agwe nayo tayi yawoyo." Munthu wina wa kampani ina yopikisana nafe wandiimbira kawiri, akuti ndipite ndi kope langa ndikakambirane nawo. Bambo sindinawauze chilichonse. Auza kale anzawo onse osoka nsapato m'msewu wawo kuti guluu wa mwana wawo akubwera.

Aphungu, sindibisa, ndikufuna ndione munthu uja atatuluka thukuta pamaso pa anthu omwe anamuombera m'manja aja. M'mawa ndikamadutsa pa chithunzi chija mtima umachita kuwira, ndipo ndayamba kukalipira ana popanda chifukwa. Kodi n'kulakwa kungokhala chete? Sindinachepetse ndine.

T.M., kufakitale ya penti

*

Mayi T.M.,

Akuberani, ndipo sindikuuzani kuti mukhululuke lero kapena mawa. Zaka zitatu za njala ya masana munthu sazibweza ndi "zikomo kwambiri". Kuwira kwa mtimako n'koyenera.

Koma taonani bwino amene adzayambe kugwa mukakhala chete. A Tayi savala nsapato zomata. Mvula ikagwa, makasitomala sadzapita kufakitale kukafunsa za cholimbitsa. Adzapita pakhonde paja, nsapato m'manja, kukatukwana bambo anu odwala chifuwa ndi anzawo amene iwo anawalimbikitsa kugula. Kenako osoka nsapato onsewo adzati guluu wosanunkha ndi wachabechabe, n'kubwereranso ku chitini chachikasu. Pamenepo mudzakhala mutaberedwa kawiri. Amuna anu amakukondani, koma sadzakhala ndiwo pa benchipo.

Ndiye sabata ino, osati ya mawa, lembani kalata yaifupi ya deti. Nenani zimene munayesa, mmene munayesera ndi zimene zinachitika. Ipite kwa a Tayi, ndipo kope lake lipite kwa mwini fakitale tsiku lomwelo, apo ayi idzagonanso patebulo miyezi isanu. M'kalatamo musatchule za kuba, musatchule za chithunzi. Mukasakaniza mkwiyo ndi zotsatira, adzakambirana za mkwiyo wanu n'kuiwala za guluu. Pemphani chinthu chimodzi: kuti kuyesako kubwerezedwe pamaso pawo, ndowa ya madzi ndi nsapato ziwiri, ina ya mlingo wanu, ina ya mlingo wawo. Mwini fakitale akadzafunsa chifukwa chake ina yayasama, asiyeni a Tayi ayambe kuyankha. Inu mudzafotokoze pambuyo, modekha. Munthu aliyense wa nzeru m'chipindamo adzadziwa yekha amene amamudziwa guluuyu.

Nkhani ya dzina lanu muiyendetse payokha. Tengani kontirakiti yanu mukaonane ndi loya kapena a bungwe la apantchito, akuuzeni bwino kuti kope lanu la mulabu lija ndi la ndani komanso chimene mungapemphe. Konzekerani kumva kuti guluuyu ndi wa kampani, poti munapangira mulabu yawo. Koma umwini ndi nkhani ina, kulembedwa kuti munapanga ndinu ndi nkhani inanso, ndipo yachiwiriyi muli ndi masamba a madeti oti akuyankhulireni. Wa kampani inayo musamupatse ngakhale tsamba limodzi. Akufuna kope, osati inu, ndipo mukatero mudzapatsa a Tayi mwayi wokutchani wakuba. Ngati akufunadi mutu wanu, akulembeni ntchito poyera mutatsanzika bwino.

Loweruka pitani kwa bambo mukawauze zonse, ndipo awauze anzawo aja kuti adikire kaye. Ndi munthu wamkulu, zowawa wazionapo. Ana anuwo apepeseni, sanakubereni ndiwo.

Sindikulonjezani kuti chithunzi chija achichotsa. Mwina adzakonza mlingo mwakachetechete, a Tayi n'kuyamikiridwanso kuti ndi atcheru. Zikatero yambani kufunafuna kwina, chifukwa mwaona kale mmene malowo amalipirira nzeru.

Koma chenjerani ndi kukhala chete kumeneku. Zitini zikangotuluka pageti inu musanalembe kanthu, tsiku limene nsapato zidzayambe kubwezedwa a Tayi adzakumbukira mwadzidzidzi amene anapanga guluuyu. Tsiku limenelo dzina lanu adzalitchula lonse, mokweza, pamaso pa anthu onse.

Aphungu