Edvaldo Awerengera Abambo Zigoli

Gort, Galway
23 Sepitembala 2019

Okondedwa achimwene a Fintan,

Ndikhulupirira muli bwino ku Perth kuja pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno mvula ndi yomwe ija, ng'ombe zili bwino, ndipo denga la khola tinakonza.

Munafunsa za maso a abambo. Tsopano amangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Komabe Lamlungu likakwana amavala jekete n'kukhala pakhomo, kudikira wowatengera ku bwalo la hurling, masewero athu aja a ndodo ndi kampira. Ine Lamlungu ndimakhala kuntchito, ndiye amawatenga ndi mwamuna wanga Edvaldo. Inde, yemwe uja amene chikwatiwire ine abambo amangomutchula kuti "wa ku Brazil".

Mukudziwa kuti iye anakulira mpira wamiyendo. Tsiku loyamba anakhala pambali pawo kuti aziwafotokozera zochitika. Wosewera wathu wina anamenya kampira ndi ndodo, kanadutsa pamwamba pa mtanda wa golo, pakati pa mitengo yake iwiri ija.

"Waphonya, bambo," anatero Edvaldo.

"Waphonya? Nanga anthuwa akuombera m'manja mvula?" anayankha abambo. "Kakadutsa pamwamba ndi pointi imodzi, amakweza mbendera yoyera. Kakalowa mu ukonde ndi chigoli, mapointi atatu, mbendera yobiriwira. Kwanu kuja mumangodziwa kugubuduzika pansi."

Edvaldo anabwerako atakhumudwa, chakudya sanadye. Koma m'mawa mwake ndinamupeza kuseri kwa nyumba ndi ndodo yanu yakale ija, akuphunzira kunyamula kampira ndi ndodoyo, poti abambo anamuuza kuti kutola pansi ndi dzanja n'kulakwa. Zenera la kukhitchini linasweka. Abambo ankakhala pampando kumvetsera, n'kumakuwa kuti, "Wayenda nako m'manja kopitirira mapazi anayi, nsapato zako ndazimva."

Dzulo ndinapempha tchuthi, ndinapita nawo. Timu ya parishi yathu imasewera ndi ya kuseri kwa phiri, ndipo wopambana amalowa mu ndime yomaliza. Edvaldo anawafotokozera bwino ndithu, mayina a osewera onse ali pakamwa. Nthawi itatsala pang'ono kutha, pabolodi panalembedwa ife 2-10, iwo 0-15. Mwa mantha, iye anangophatikiza awiri ndi khumi.

"Bambo, zativuta. Tatsalira ndi atatu."

"Zigoli tili nazo zingati?"

"Ziwiri."

"Werenganinso, akamwini."

Edvaldo anawerenga ndi zala, anapeza khumi ndi asanu ndi limodzi, ndipo wezulo inalira asanatsegule pakamwa. Tinapambana ndi pointi imodzi. Anthu anathamangira m'bwalo, koma iye anatsala pampando, abambo atamugwira pabondo. M'galimoto Edvaldo anandifunsa motsitsa ngati nanenso ndinamva mmene abambo anamutchulira. Ndinati ndinamva. Abambo kumbuyo anali atagona kale, chakudya chawo chamasana chili m'thumba osachikhudza.

Masewero omaliza adzakhala pa 13 Okutobala. Sabata yatha adokotala anatiitana ine ndi Edvaldo, abambo atatsala panja pa benchi. Zimene anatiuza sizikhudza maso, ndipo sindizilemba muno. Jekete lawo lija tsopano likuwakulira kwambiri.

Ndodo yanu yayamba kung'aluka kumutu. Edvaldo akupepesa, akuti mudzamuonetse kamangidwe kake, poti abambo anamuuza kuti palibe wodziwa kumanga ndodo ngati inu. Chipinda chanu ndasesa, zofunda ndachapa.

Mundiperekere moni kwa alamu a Deirdre, ndipo ana muwapsompsone. Edvaldo akupereka moni. Abambo akuti ndikuuzeni kuti ali bwino, akudya, ndipo ndisakuvutitseni kuti mubwere, poti ulendo ndi wautali. Ndawalonjeza kuti ndilemba momwemo, ndipo ndalemba.

Masewerowo adzayamba 2 koloko masana.

Ine mlongo wanu,
Nuala